Munthu wamtali ndi njinga yamoto m'misewu ya Mzuzu

Mu mzinda wa Mzuzu, monganso m'mizinda ina ya m'Malawi, njinga yamoto yatenga gawo lalikulu la ntchito imene kale inkagwiridwa ndi njinga zakapalasa zonyamula anthu, zimene eni mzindawu ankazitchula kuti Sacramento, ndipo lero wopita ku Luwinga, ku Chibavi, ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo sachedwa kupeza wakabaza womufikitsa pakhomo. Zokambirana zambiri zokhudza njingazi zimakhala za ngozi, ziphaso, zipewa zoteteza mutu ndi inshulansi, ndipo n'zoyeneradi kutero. Koma pali nkhani ina imene simveka kawirikawiri ngakhale kuti imalowa m'zonsezi, yomwe ndi kugwirizana kwa njinga ndi thupi la munthu amene akuiyendetsa. Fakitale ya ku China kapena ku India imatulutsa njinga pa muyeso umodzi, pamene anthu amasiyana msinkhu, ndipo popeza amuna ambiri kuno amatalika pakati pa masentimita 160 ndi 170, amene wapitirira masentimita 180 amavutika payekha ndi chinthu chimene anzake a pasiteji imodzi sachiona ngati vuto n'komwe.

Vutoli limakula kwambiri pa mtundu wa njinga wotchedwa cruiser. Dzinali limaimira njinga imene mpando wake ndi wotsika ndiponso wokwera pang'ono kumbuyo, mahandulo ake ndi okwera komanso obwerera kwa woyendetsa, ndipo zopondera mapazi zili kutsogolo pang'ono kwa mpando, mwakuti munthu amakhala ngati watsamira. Kapangidwe kameneka kanachokera ku America, ku makampani a Indian, imene inayamba mu 1901, ndi Harley-Davidson ya ku Milwaukee, imene inayamba mu 1903, ndipo kanakhwimira m'misewu yaitali, yowongoka ndi yosalala ya dzikolo. Pa njinga zikuluzikulu za mtunduwu mpando umakhala pa masentimita 65 mpaka 70 kuchokera pansi, chinthu chimene chimakondweretsa anthu aafupi chifukwa mapazi onse awiri amaponda pansi bwinobwino njinga ikaima.

Njinga zikuluzikulu zoterezi ndi zowerengeka ku Mzuzu, ndipo zambiri mwa izo zimaoneka pamene alendo ochokera ku South Africa kapena ku Ulaya akudutsa mumsewu wa M1 kupita ku chipata cha Songwe. Komabe kapangidwe kake kanafika kale mumzindawu kudzera m'njinga zing'onozing'ono. Mu 1982 kampani ya Suzuki inatulutsa njinga ya GN125, imene inatengera maonekedwe a cruiser koma ndi injini yaing'ono, mpando wake uli pa masentimita pafupifupi 74, ndipo makampani ambiri a ku China anatsanzira njingayi, kotero kuti zina mwa njinga zimene zimalowa m'dziko muno kudzera ku Tanzania ndi ku Mozambique, za mayina ngati Haojue, Kinglion ndi SanLG, zili ndi thanki yooneka ngati dontho la madzi, mpando wa masitepe awiri ndi mahandulo okwera. Pambali pa zimenezi pali njinga za mpando wathyathyathya, zimene zambiri zinatsatira Honda CG125 ya mu 1975, pamodzi ndi Boxer ya kampani ya Bajaj ndi za TVS zochokera ku India. Ndiponso pali njinga zazitali zoyendera m'misewu yoipa, monga Yamaha AG200 ndi Honda XL, zimene alangizi a zaulimi ndi ogwira ntchito m'mabungwe akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, zomwe mpando wake umapitirira masentimita 80.

Akatswiri a sayansi yoona za kugwirizana kwa thupi ndi zipangizo zogwirira ntchito amanena kuti kakhalidwe ka munthu pa njinga kamalamulidwa ndi malo atatu okha, omwe ndi pokhala, pogwira ndi poponda. Wina atajambula mzere kuchokera pa mpando kupita pa mahandulo, kuchoka apo kutsikira pa zopondera ndi kubwereranso pa mpando, amapeza chithunzi cha ngodya zitatu, ndipo thupi lonse liyenera kukwanira m'kati mwa chithunzicho. Chikakhala chaching'ono, thupi ndilo limapindika, popeza chitsulo sichingamvere. Mfundoyi ndi yofunika kuimvetsa chifukwa imasonyeza kuti kusuntha chimodzi mwa zitatuzi kumasintha zina ziwirizo: mpando ukakwera, mahandulo amatsika kwa woyendetsayo ngakhale sanakhudzidwe, ndipo mpando ukabwerera m'mbuyo, mikono iyenera kutambasuka.

Chimene chimachitikira munthu wa miyendo yaitali pa mpando wotsika n'chofanana ndi kukhala tsiku lonse pa kampando ka kukhitchini: maondo amakwera kupitirira chiuno, ndipo mafupa a chiuno amapendekera kumbuyo. Msana wa munthu kumunsi kwake uli ndi timafupa tisanu timene mwachibadwa timapindikira pang'ono kutsogolo, ndipo pakati pa timafupato pali timapilo tofewa timene timalandira kulemera kwa thupi. Chiuno chikapendekera kumbuyo, kupindika kwachibadwa kuja kumatha, msana umakhala wokhota ngati wa munthu wowerama, timapiloto timapanikizika mbali yakutsogolo, ndipo kulemera kumene kunayenera kugawidwa pakati pa ntchafu ndi mafupa awiri okhalira kumathera pa kafupa ka kumapeto kwa msana. Munthu wokhala choncho kwa mphindi makumi awiri samva kanthu, koma wakabaza amene amayamba m'bandakucha kunyamula opita kumsika ndi kuweruka usiku amakhala m'kakhalidweko maola ambiri tsiku lililonse, njinga ikunjenjemera ndi kudumpha pansi pake. Zotsatira zake ndi kuwawa kwa msana, kuuma kwa maondo, dzanzi m'matako ndi m'miyendo, komanso kupweteka kwa pakati pa mapewa, chifukwa khosi limakakamizika kudzuka kuti maso aone njira pamene msana wawerama.

Nkhaniyi sithera pa kuwawa kokha. Maondo okwera amagundana ndi mahandulo pokhota pang'onopang'ono pamalo opanikiza, monga m'tinjira ta pakati pa nyumba ku Chiputula kapena m'chipwirikiti cha pafupi ndi depoti ndi msika waukulu, ndipo chiwongolero chikalephera kutembenuka mpaka pamene chimathera, njinga imagwera m'kati mwa khona. Phazi lalitali limene bondo lake lapindika kwambiri silikhala bwino pa chopondera: zala zimaloza pansi ndi kukanikiza buleki yakumbuyo pang'onopang'ono mwini wake osazindikira, zomwe zimatenthetsa ndi kudya mabuleki, kapena woyendetsayo amachotsa phazilo n'kuliika pambali, kumene limachedwa kubwerera pamene mwana wadumphira mumsewu. Kutopa nako kumachepetsa tcheru, ndipo munthu amene maganizo ake ali pa msana woyaka moto saona galimoto yotuluka m'kanjira ka m'mbali msanga ngati mnzake amene wakhala bwino.

Ku America yankho lodziwika la vutoli ndi kusamutsira zopondera, pamodzi ndi chopondera buleki ndi chosinthira magiya, kutsogolo kwa injini, kuti miyendo itambasuke. Njira imeneyi imamasuladi maondo, ndipo amakaniko ena amene amaonera mavidiyo pa YouTube amaitengera, koma kwa munthu woyenda m'misewu ya Mzuzu ndi njira yolakwika. Mzindawu uli pa mtunda wa mamita oposa 1,200 pamwamba pa nyanja yamchere, m'mapiri a Viphya, kumene mvula imagwa yambiri ndipo imachedwa kuleka. Misewu yambiri ya m'makwalala mwa anthu ndi yadothi, yoterera m'dzinja ndi yamaenje m'chilimwe, ndipo madera ngati Masasa ali pa zitunda ndi m'zigwa. Pamsewu wotere miyendo ndiyo imathandiza masipuling'i a njinga, chifukwa woyendetsa akaona dzenje kapena hampu amakanikiza zopondera ndi kunyamuka pang'ono pa mpando, maondo n'kulandira kugunda kumene kukanapita ku msana. Zimenezi zimatheka pokhapokha mapazi ali pansi pa thupi. Akakhala kutsogolo, munthu sangathe kudzinyamula, ndipo dzenje lililonse limafika molunjika pa kafupa ka kumapeto kwa msana, komanso njinga ikayamba kutsetsereka m'matope amalephera kuikhazika pogwiritsa ntchito kulemera kwa mapazi. Choncho malo amene munthu wamtali akuwasowa ayenera kuwapeza pokwera m'mwamba, osati potambasukira kutsogolo.

N'chifukwa chake ntchito iyenera kuyambira pa mpando, umene mwamwayi ndi wosavuta kusintha ndipo ulibe choopsa chachikulu ukalakwika. Mpando wa njinga uli ndi zigawo zitatu, zomwe ndi tsinde lachitsulo kapena lapulasitiki, siponji, ndi chikopa chokutira, ndipo mmisiri aliyense wosoka mipando ya sofa kapena ya galimoto angathe kuumasula. Kuwonjezera masentimita 3 mpaka 5 pamalo pokhala woyendetsa kumatsegula maondo ndi chiuno nthawi imodzi, ndipo munthu wamtali sataya kanthu chifukwa mapazi ake amapondabe pansi. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi kugwiritsa ntchito siponji yofewa ya matiresi poganiza kuti chofewa ndicho chabwino. Siponji yotere imaphwanyika m'masabata ochepa, munthu n'kubwerera pamene anali, ndipo ngakhale ikadali yatsopano imalola mafupa okhalira kumira mpaka kukafika pa tsinde lolimba. Yoyenera ndi siponji yolimba, yopangidwa ndi tizidutswa tomatidwa pamodzi, imene imaikidwa pansi kuti inyamule thupi, kenako pamwamba pake n'kuyala yofewa ya sentimita imodzi kapena ziwiri zokha.

Maumbidwe a mpando ndi ofunika mofanana ndi kutalika kwake. Pa njinga za mtundu wa GN125 pali sitepe pakati pa pokhala woyendetsa ndi pokhala wokwera, ndipo sitepeyo ndi imene imatsekera munthu wamtali pamalo amodzi, osamulola kusunthira m'mbuyo ngakhale pang'ono. Mmisiri akadzaza malo otsika akutsogolo ndi kusema sitepeyo kuti ibwerere m'mbuyo masentimita awiri kapena atatu, mpando umayandikira kukhala wathyathyathya, ndipo woyendetsa amapeza mpata wosinthasintha kakhalidwe paulendo, chomwe chimathandiza msana kuposa kakhalidwe kamodzi ngakhale kabwino chotani. Kumbuyo kwa pokhalapo kuyenera kukhala kotakata kuti kunyamule mafupa onse awiri okhalira, pamene kutsogolo, pafupi ndi thanki, kuyenera kukhala kopapatiza kuti miyendo itsike pansi mosavuta. Ndipo pamwamba pasapendekere kutsogolo, chifukwa mpando wotsetsereka umakankhira munthu pa thanki nthawi iliyonse akamanga mabuleki. Ndi nzeru kuyesa kaye: chidutswa cha siponji chimangidwe ndi mphira pamwamba pa mpando wakale kwa masiku angapo, chichepetsedwe kapena kuwonjezeredwa mpaka thupi livomereze, kenako mmisiri asoke. Ndipo popeza mvula ya ku Mzuzu simachitira chisoni msoko uliwonse, pepala lapulasitiki liyalidwe pakati pa siponji ndi chikopa, chifukwa siponji yomwa madzi imawola ndi kutaya mphamvu.

Pamenepa ndi pamene kukonza njinga kumakumana ndi zofuna za ntchito ya kabaza. Malo a pa mpando ndi ndalama, ndipo amene amaona akabaza akudutsa ndi anthu awiri kumbuyo, kapena ndi munthu mmodzi ndi thumba la chimanga pa kaliyala, adziwa kuti woyendetsa ndiye amapereka malowo: amadzikankhira kutsogolo mpaka kukhala pa thanki, maondo atakanyula kunja kwa mahandulo, zigongono zitabwerera m'nthiti. Kwa munthu wamfupi kakhalidwe kameneka ndi koipa, koma kwa wamtali ndi koopsa, chifukwa chiwongolero chimakhala chilibe malo otembenukira ndipo phazi limafika pa buleki mopendekera. Palibe siponji kapena chitsulo chimene chingakonze zimenezi. Njinga ya 125 kapena 150cc inapangidwira anthu awiri, ndipo wamtali amene akufuna kuti msana wake umutumikire zaka zambiri ayenera kuvomereza kuti gawo lakutsogolo la mpando ndi lake, siligulitsidwa.

Kubwerera m'mbuyo nako kuli ndi malire ake. Njinga zing'onozing'onozi ndi zazifupi, mtunda wa pakati pa matayala ake awiri ndi pafupifupi mamita 1.3, mwakuti munthu wolemera akasunthira m'mbuyo kwambiri, wokwera ndi katundu nawonso n'kusunthira pamwamba kapena kuseri kwa tayala lakumbuyo, tayala lakutsogolo limapepuka. Tayala lopepuka siligwira msewu, chiwongolero chimayamba kugwedezeka, ndipo pokwera chitunda njinga imatha kudzuka kutsogolo. Popeza mbali yaikulu ya mphamvu yoimitsa njinga imachokera ku tayala lakutsogolo, aliyense wotsika mapiri a ku Chiweta, kapena wotsetsereka msewu wa M5 wopita ku Nkhata Bay umene pa makilomita osakwana 50 umatsika kuchoka pamwamba pa Viphya kukafika m'mbali mwa nyanja, amafuna kuti tayalalo likhale lolemedwa mokwanira.

Mpando ukakhazikika, mahandulo amatsatira. Muyeso wake ndi wosavuta: munthu atakhala mowongoka, mapewa atamasuka, manja ayenera kufika pa zogwirira zigongono zili zopindika pang'ono, ndipo manjawo akhale m'munsi mwa mapewa. Choyamba kuyesa, chimene sichilira ndalama, ndi kumasula mabawuti anayi ogwira mahandulo ndi kuwapendeketsa pang'ono kutsogolo, zomwe pa mahandulo obwerera m'mbuyo a cruiser zimapereka mpata wa maondo ndi mikono nthawi yomweyo. Zikapanda kukwanira, pali tizitsulo tokweza timene timaikidwa pansi pa zogwirira mahandulo, ndipo masentimita 2 kapena 3 nthawi zambiri amakwana. Njira ina ndi kugula mahandulo ena, otakata ndi owongoka ngati a njinga zoyenda m'misewu yadothi, popeza njinga zambiri zing'onozing'ono zimagwiritsa ntchito paipi ya muyeso umodzi wa mamilimita 22. Mahandulo ataliatali amene manja amakwera kufika m'mapewa kapena kupitirira, ngakhale achinyamata ena amawakonda chifukwa cha maonekedwe, amatopetsa mikono, amachititsa dzanzi m'zala ndipo amachepetsa mphamvu yowongolera, n'chifukwa chake madera angapo a ku America komweko anaika malamulo oletsa kutalika kopitirira muyeso.

Chinthu chimene chimaiwalika mahandulo akakwezedwa ndi makebulo. Kebulo ya mafuta, ya kilatchi, ya buleki yakutsogolo ndi mawaya a magetsi zinadulidwa molingana ndi mahandulo akale, ndipo zikakokeka, zotsatira zake zimaoneka pamene chiwongolero chatembenuzidwa mpaka kumapeto: injini imakwera yokha, kapena kilatchi imagwira mwadzidzidzi, kapena buleki imamanga popanda woikhudza. Kuyesa kwake ndi kuliza injini njinga ili chiimire ndi kutembenuza chiwongolero mbali zonse ziwiri. Phokoso la injini likasintha, kebulo ndi yaifupi ndipo iyenera kusinthidwa kapena kudutsitsidwa njira ina. Koma kudula mahandulo ndi kuwotchererapo chidutswa kuti atalike n'chinthu chosayenera kuchitika konse, ngakhale wowotcherayo akhale waluso chotani, chifukwa paipi yopyapyala imafooka m'mbali mwa powotchererapo, imang'aluka pang'onopang'ono ndi kunjenjemera kwa tsiku ndi tsiku, ndipo imathyoka panthawi imene ikupanikizidwa kwambiri, ndiyo nthawi yomanga mabuleki mwadzidzidzi.

Pali zosintha zing'onozing'ono zimene sipanala imodzi imamaliza, zomwe ambiri sadziwa kuti fakitale inazisiyira mpata. Zogwirira kilatchi ndi buleki zingathe kupendeketsedwa pansi kuti dzanja ndi mkono zikhale pa mzere umodzi, chinthu chofunika kwa wamtali chifukwa mikono yake imatsikira pa mahandulo kuchokera m'mwamba. Chosinthira magiya chimakhala pa kamtengo kachitsulo ka mano, ndipo chikazulidwa n'kubwezeredwa dzino limodzi pansi kapena pamwamba, phazi lalikulu kapena lovala jombo limalowa bwino. Chopondera buleki yakumbuyo nacho chili ndi bawuti yoimikira kutalika kwake, koma wochisintha akumbukire kusinthanso nati ya kumapeto kwa ndodo yopita ku tayala ndi kaswitchi koyatsa nyali ya buleki. Magalasi oonera kumbuyo aikidwe pa mikono yotalikirapo ngati zimene akuonetsa ndi mapewa a mwini wake.

Zopondera mapazi zimabwera pomalizira, ndipo ndi pamene pamafunika kusamala kwambiri. Kuzitsitsa ndi masentimita 2 kapena 3 kumamasula maondo, koma kumachepetsa mpata wa pakati pa njinga ndi nthaka, mwakuti chopondera chimakhula phula pokhota kapena kugunda mwala ndi chitsa m'msewu ngati wa ku Usisya. Ndipo chopondera chowotchereredwa chimene sichipindikira m'mwamba chikagunda pansi chimanyamula tayala n'kugwetsa njinga. Ngati kutsitsa kuli kofunika, kuchitike ndi chitsulo chochindikala chomangidwa ndi mabawuti olimba pamalo amene fakitale inaboola kale, kuti chithe kumasulidwa ndi kuunikidwa, osati kuwotcherera pa felemu, imene ndi msana wa njinga yonse. Akabaza ambiri ali ndi zitsulo zotchinjiriza miyendo kutsogolo kwa injini, ndipo aatali amakonda kutsamiritsa mapazi pamenepo. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, kutambasula miyendo motero kwa mphindi imodzi kumapumitsa maondo, koma m'tauni, m'makhona, mumvula kapena pamene pali wokwera, mapazi ayenera kukhala pafupi ndi buleki ndi giya.

Munthu wamtali nthawi zambiri amakhalanso wolemera, ndipo mashoku akumbuyo, omwe ndi masipuling'i awiri olandira mabampu, amafika kuchokera ku fakitale atamasulidwa molingana ndi munthu wopepuka. Pansi pa sipuling'i iliyonse pamakhala mphete ya masitepe, kawirikawiri asanu, yoilimbitsira. Lamulo limene amakaniko a njinga amatsatira ndi lakuti munthu akakhala pa mpando njinga itsike ndi gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a mtunda wonse umene mashoku amayenda. Ikatsika kupitirira apo, mashoku amafika pothera pa dzenje lililonse ndipo kugundako kumalowa mumsana. Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe imodzi. Kupopa matayala mopitirira muyeso wolembedwa pa njinga, kumene ena amachita poganiza kuti kumapulumutsa mafuta, kumawonjezera kugunda komweko ndi kuchepetsa kugwira msewu. Za galasi lotchinga mphepo, limene oyenda m'chifunga ndi m'chisanu cha ku Chikangawa amalilakalaka, chokwanira kunena n'chakuti lalifupi limaponyera mphepo pa chipewa cha munthu wamtali n'kumagwedeza mutu, ndipo lalitali lotchinga maso limachita nthunzi ndi madontho, choncho m'mphepete mwake muzikhala m'munsi mwa maso.

Pali chopinga china chimene si chachitsulo. Akabaza ambiri sayendetsa njinga zawo. Amayendetsera mwini wake amene amalandira ndalama yomwe anapangana pa tsiku kapena pa sabata, ndipo ena amagwira mwa mgwirizano wakuti njingayo idzakhala yawo akamaliza kubweza. Woyendetsa wotere sangasinthe kanthu popanda chilolezo, ndipo mwini njinga amene amaganizira zodzaigulitsa safuna kuti ioneke yachilendo. Apa m'pamene ubwino wa zosintha zomangidwa ndi mabawuti umaonekera, popeza mpando wachiwiri ungagulidwe ndi kukonzedwa padera, wakale n'kusungidwa, ndipo tizitsulo tokweza mahandulo timachoka m'mphindi zochepa. Mwini njinga woganiza bwino ayenera kuona kuti woyendetsa amene sakumva kuwawa sajomba, sagwetsa njinga kawirikawiri, ndipo samaliza mabuleki ndi phazi losowa pokhala.

Kumbali ya malamulo, lamulo la zapamsewu la Road Traffic Act la mu 1997 limafuna kuti chilichonse choyenda pamsewu chikhale choyenera kuyenda, ndipo nthambi ya boma ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene ili ndi ofesi ku Mzuzu, ndiyo imalembetsa njinga ndi kupereka ziphaso, za gulu la A1 pa njinga zosapitirira 125cc ndi za gulu la A pa zazikulu. Kukweza mpando kapena kupendeketsa mahandulo sikusintha chimene njingayo ili, koma kudula felemu kuti italike kumakhudza mphamvu yake yonse, komanso kungawononge nambala yosindikizidwa pa felemupo imene njinga imadziwika nayo m'kaundula, ndipo ngozi itachitika a inshulansi angakhale ndi chifukwa chokanira kulipira.

Kwa amene sanagule, njira yabwino ndi kusankha bwino pachiyambi. Wogula wamtali akhale pa njingayo kwa mphindi zingapo, mapazi onse ali pa zopondera wina ataigwirira, atembenuze chiwongolero mbali zonse, ayese kunyamuka pa mpando osakoka mahandulo, ndipo aone ngati chiuno chili pamwamba pa maondo. Kawirikawiri adzapeza kuti njinga ya mpando wathyathyathya imamukwana kuposa ya maonekedwe a cruiser, ndipo yoyendera m'misewu yadothi imamukwana kuposa zonse, ngakhale mtengo wake ndi wokwera ndipo mpando wake wopapatiza sukondweretsa okwera. Cruiser yaing'ono ili ndi zabwino zake, monga kukhazikika poyenda pang'onopang'ono ndi kusavuta kukwera kwa amayi ovala zitenje ndi achikulire, ndipo wamtali amene ali nayo kale sayenera kuitaya, ayenera kungoikweza.

Thupi nalo lili ndi gawo lake. Kutsika pa njinga podikira okwera, kuyenda pang'ono ndi kuwongola msana m'malo mokhala pa mpando womwewo pasiteji, kumapumitsa timapilo ta msana kuposa mankhwala. Chizolowezi chomeza bulufeni kapena indosidi tsiku lililonse kuti ntchito ipitirire ndi choopsa, chifukwa mankhwala a gulu limeneli akamwedwa nthawi yaitali amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuwononga impso, ndipo amangobisa chizindikiro chimene thupi likupereka. Ululu wotsika kuchokera m'chiuno kudzera kuseri kwa ntchafu mpaka kuphazi umasonyeza kuti mtsempha waukulu wa mwendo wapanikizika ndipo uyenera kuonedwa ndi achipatala. Koma mwendo ukayamba kufooka, kapena pakakhala dzanzi pakati pa miyendo ndi kulephera kugwira mkodzo, munthu apite ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central tsiku lomwelo.

Luso lonse limene ntchitoyi ikufuna lilipo kale mumzindawu, mwa osoka mipando, amakaniko a njinga ndi owotcherera amene amagwira ntchito m'mbali mwa misika ndi ku Luwinga. Chimene chikusowa ndi chidziwitso cha miyeso ya thupi ndi malire a chitsulo. Bungwe la TEVETA, limene kuyambira mu 1999 limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, sukulu ya Mzuzu Technical College, ndi magulu a akabaza eni ake amene amasonkhanitsa mamembala pa maphunziro a zapamsewu, angachite bwino kuika phunziroli m'ndondomeko zawo, kuti mmisiri adziwe kuyeza munthu asanagwire mpeni kapena moto, ndiponso adziwe ntchito zimene ayenera kukana ngakhale mwini njinga atabwera ndi ndalama m'manja.